Kugula chinthu osakhala mwini wake: pulogalamu yakale ya pakompyuta ndi mbiri ya malo kuno ku Thyolo

Pepani papita nthawi ndili chete. Kuchonga mayeso a kumapeto kwa teremu kunandipanikiza, ndipo mukudziwa nokha kuti mulu wa mapepala a Fomu 3 suchepa pouyang'ana.

Chandidzutsa lero ndi mlendo amene anandipeza Loweruka lina masana. Ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo, tsopano ndi bambo wa ana awiri. Amagwira ntchito mu ofesi ya esiteti ina ya tiyi konkuno, ndipo ntchito yake ndi kujambula pakompyuta mapu a minda, misewu, madamu ndi nyumba za antchito. Anafika ndi katoni kunkhwapa. Titapatsana moni anati, "Aphunzitsi, ku ofesi tikuyeretsa m'makabati. Izi ndi zimbale za pulogalamu yojambulira imene tinkagwiritsa ntchito kale. Tinagula yatsopano, ndiye izi akuti zikatayidwe. Ine ndati ayi, bola ndikapereke kusukulu kwathu ana aziphunzirirapo."

Mtima wanga unakondwa. Mwana wokumbukira kumene anachokera ndi dalitso. Koma m'katonimo munali kabuku kopyapyala, ka zilembo zing'onozing'ono, kamene mwachionekere palibe anali atakatsegulapo. Ine poti ndine mphunzitsi wa mbiri yakale, pepala lakale sindilidutsa. Ndinavala magalasi n'kuyamba kuwerenga. Kabukuko kanali laisensi, ndipo mfundo yake inali yomveka: amene wagula pulogalamu yatsopano pamtengo wotsika chifukwa choti anali kale ndi yakale, saloledwa kupereka yakaleyo kwa munthu wina, kaya mogulitsa kaya mwaulere.

Nditamufotokozera, mnyamatayo anadabwa. "Koma aphunzitsi, si tinagula ndi ndalama? Zimbalezi si zathu?" Ndinamuyankha kuti zimbalezo n'zawodi, koma zimene zili m'katimo n'za eni ake. Anapukusa mutu. Funso lakelo linandikhala mumtima sabata yonse, chifukwa ndi funso limene agogo athu anafunsa pa nkhani ina yaikulu kuposa iyi. Ndiyambe ndi ya makompyutayi, ya agogo ibwera pambuyo.

Pulogalamu ya pakompyuta lamulo limaiteteza monga limatetezera buku kapena nyimbo. Kuno kwathu tinali ndi lamulo la umwini wa zaluso la 1989, limene linabala bungwe la COSOMA mu 1992, ndipo mu 2016 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano m'malo mwake. Koma buku ndi pulogalamu zimasiyana pamalonda. Ukagula buku ku Limbe, ukhoza kuliwerenga, kubwereka mnzako, kapena kuligulitsa pamsika. Makampani a mapulogalamu anakana njira imeneyi. Iwo amati sakugulitsa pulogalamu, akugulitsa chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo chilolezocho chili ndi malire amene iwo eni alemba. Ukadina pamene palembedwa kuti wavomera, wasaina pangano, ngakhale sunawerenge ndi mzere umodzi womwe.

Pa nkhani ya pulogalamu yakale ukagula yatsopano, mbiri ikutionetsa malamulo a mitundu itatu.

Woyamba ndi wakuti yakaleyo uiwononge. Kampani ya Autodesk ya ku America, imene inatulutsa AutoCAD mu 1982, inkatero. AutoCAD ndi pulogalamu imene akatswiri a zomangamanga ndi oyeza malo amajambulira mapulani. M'malaisensi ake a zaka za m'ma 1990 munali mfundo yakuti ukagula yatsopano pamtengo wa anthu okhala nayo kale, yakale uifufute ndi kuiwononga pasanathe masiku 60. Nkhaniyi inafika kukhothi. Kampani ina ya akatswiri ojambula mapulani a nyumba ku America inali ndi AutoCAD Release 14. Itasamukira ku AutoCAD 2000 inalipira madola 495 pa laisensi iliyonse, pamene mtengo wa munthu woyamba kumene unali madola 3,750. Zimbale zakale sinaziwononge. Mu 2007 inazigulitsa pamodzi ndi katundu wina wa mu ofesi, ndipo bambo wina wa ku Seattle dzina lake Timothy Vernor, amene ankachita malonda pa eBay, anagulako zinayi. Atayamba kuzitsatsa, Autodesk inadandaula, ndipo Vernor anathamangira kukhothi. Khothi loyamba linagwirizana naye. Koma pa 10 Seputembala 2010 khothi la apilo la Ninth Circuit linatembenuza chigamulocho. Linati ngati mwini pulogalamu wanena poyera kuti akupereka laisensi, waletsa kuipatsira munthu wina, ndipo waika malire a kagwiritsidwe ntchito, ndiye kuti wolipirayo si mwini, ndi wololedwa chabe. Kampani ya mapulani ija sikanagulitsa chinthu chimene sichinali chake. Mu 2011 khothi lalikulu la America linakana kumvanso mlanduwu.

Taonani kusiyana kwa madola 495 ndi 3,750. Apa m'pamene pagona yankho la mwana wanga uja. Mtengo unatsika chifukwa laisensi yakale inaperekedwa ngati gawo la malipiro. Ofesi ikagula motero sikhala ndi malaisensi awiri, ayi. Ili ndi imodzi yomwe ija, yangosamuka kuchoka pa pulogalamu yakale kupita pa yatsopano. Zimbale zotsala m'kabati zili ngati tikiti ya basi imene ulendo wake unatha.

Ku Ulaya zinthu zinapita kwina pang'ono. Pa 3 Julayi 2012 khothi lalikulu la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, pa mlandu wa UsedSoft ndi Oracle, linagamula kuti munthu amene analipira laisensi yopanda tsiku lothera akhoza kuigulitsa kwa wina. Komabe nalonso linaika malire: wogulitsayo afufute yake, isakhale kuti pulogalamu imodzi yabereka ziwiri.

Lamulo lachiwiri ndi lakuti yakaleyo isunge, koma pamalo omwewo. Kampani ya Adobe, eni ake a Photoshop, Illustrator ndi InDesign, m'zaka za m'ma 2000 inkalola kuti pulogalamu yakale ikhalebe, bola ikhale pakompyuta imodzimodzi ndi yatsopano, ndipo isaperekedwe kwa wina pokhapokha zonse ziwiri zipitire limodzi. Chilolezochi chinali chofunika, chifukwa ntchito imene unalemba ndi pulogalamu yakale siitseguka nthawi zonse mu yatsopano. Chitsanzo ndi PageMaker, imene kampani ya Aldus inatulutsa mu 1985, Adobe n'kuitenga mu 1994. Yomaliza, PageMaker 7, inatuluka mu 2001, ndipo InDesign inalowa m'malo mwake. InDesign yakale inkatsegula mafayilo a PageMaker, koma imene inabwera pambuyo pa CS6 inasiya kutero. Amene anafufuta pulogalamu yakale mofulumira anatsala ndi mafayilo otsekeka ngati nyumba yotayika kiyi.

Panalinso vuto lina. Mapulogalamu ambiri a nthawi imeneyo ukawaika pakompyuta ankafuna kulumikizana ndi kampani kudzera pa intaneti kuti atsimikizidwe. Mu Disembala 2012 Adobe inazimitsa makina otsimikizira Creative Suite 2. Inapereka nambala yapadera kwa amene anagula kale, koma mphekesera inafalikira dziko lonse kuti pulogalamuyo tsopano ndi yaulere, mpaka kampaniyo inachita kufotokoza kuti nambalayo ndi ya okhawo amene anali ndi laisensi. Tinaphunzirapo kuti laisensi yotchedwa yamuyaya imadalira makina a kutali amene mwini wake akhoza kuzimitsa tsiku lililonse.

Lamulo lachitatu ndi limene tikukhala nalo lero: sugulanso, umachita lendi. Mu Meyi 2013 Adobe inalengeza kuti mapulogalamu ake atsopano azipezeka polipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka basi. Autodesk inatsatira mu 2016, pamene inasiya kugulitsa malaisensi osatha. M'dongosolo ili pulogalamu yakale umaigwiritsa ntchito pokhapokha ukulipirabe, ndiponso ngati ili pamndandanda wa zimene kampani yalola. Mu Meyi 2019 Adobe inatumizira makasitomala ake ena uthenga wakuti mapulogalamu ena akale salinso ololedwa, ndipo opitiriza kuwagwiritsa ntchito akhoza kuimbidwa mlandu ndi makampani ena. Anthuwo anali atalipira mokhulupirika mwezi uliwonse. Sanalakwe kanthu. Malamulo ndiwo anasintha iwo ali m'kati.

Tsopano tibwere kwathu. Inu amene munakhala m'kalasi mwanga mukukumbukira kuti tikafika pa mutu wa malo ndinkakutulutsani panja kuti muone tiyi wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, kenako midzi yathu yopanikizika m'mphepete mwake. Ndinkafunsa kuti zinatheka bwanji.

M'zaka za m'ma 1880 ndi kumayambiriro kwa 1890, azungu amalonda ndi a mishoni anatenga malo aakulu m'mapiri a Shire kuchokera kwa mafumu, posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi zina zotero. Pachikhalidwe chathu mfumu sigulitsa dziko. Imapatsa mlendo poti akhale ndi kulima, dziko n'kukhalabe la mtundu. Mafumu ambiri ankaona ngati akupereka chilolezo. Koma papepala, m'chinenero chimene iwo sankawerenga, panalembedwa kuti agulitsa. Harry Johnston, amene anakhala wamkulu wa boma la atsamunda mu 1891, anafufuza malondawa n'kuyamba kupereka ziphaso zotchedwa Certificates of Claim kuyambira 1892. Ziphasozi zinakhudza maekala pafupifupi 3.7 miliyoni, kapena kuti magawo 15 pa 100 aliwonse a dziko lonse. Mmodzi mwa amene anapeza malo aakulu anali Eugene Sharrer, ndipo mu 1902 malo akewo anapita kwa British Central Africa Company, imene inakhala mwini wa dera lalikulu la boma lino, lomwe atsamunda ankalemba kuti Cholo.

Taonani mmene zinthu zatembenukira. Agogo athu ankayesa akubwereketsa, pepala linati agulitsa. Ife lero timayesa tagula, pepala likuti tabwereka. Nthawi zonse ziwiri wopambana ndi amene analemba pepalalo.

M'ziphaso zambiri Johnston anaikamo mfundo yoteteza anthu. Inkati midzi ndi minda imene inalipo pa tsiku la chiphasocho isasokonezedwe kapena kusamutsidwa popanda chilolezo cholembedwa cha boma. Koma inapitiriza kuti palibe womanga mudzi watsopano kapena kutsegula munda watsopano popanda chilolezo cha mwini esiteti. Pomva zinkaoneka zachilungamo. Vuto linali lakuti makolo athu sankalima munda umodzi mpaka kalekale. Nthaka ikatopa ankaigoneka n'kutsegula pena. Mudzi nawo unkasuntha. Tsono munthu akangosuntha, chitetezo chija chinkatsala pabwinja. Kuwonjezera apo, palibe analemba bwinobwino kuti midziyo inali pati ndipo malire a minda yake anali ati. Chinali chilolezo chosunga chakale, bola chikhale pamalo omwewo, ndipo pasakhale chosintha.

Mu 1903 nkhaniyi inafika kukhothi pa mlandu wa pakati pa woyang'anira za anthu akuda ndi kampani ya Blantyre and East Africa. Woweruza Nunan anagamula mokomera anthu amene anapezeka kale pamalopo, kuti sayenera kukakamizidwa lendi. Koma chigamulo chili papepala sichilima munda. M'zaka zomwezo Alomwe ambirimbiri ankalowa m'dziko muno kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Iwowa mfundo ya Johnston sinkawakhudza, poti pa tsiku la chiphaso kunalibe. Eni maesiteti anawalandira ndi manja awiri, pa pangano lakuti malo okhala alipire ndi ntchito. Ambiri a ife kuno ku Thyolo ndife zidzukulu za anthu amenewa.

Apa m'pamene mawu akuti thangata anasintha tanthauzo. Kuthangata kunali kuthandizana pantchito, monga kulimira mfumu kapena mnansi. M'maesiteti anakhala dzina la ntchito yokakamiza: mwezi wa lendi, mwezi wina wa msonkho wa nyumba, ndipo m'malo ena mweziwo unkatalika monga mmene kapitawo wafunira. Nthawi yake inali ya dzinja, pamene munda wa munthu mwini ukufunanso khasu. Mkwiyo wa thangata unali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915, kumene kunakantha esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero.

Kenako kunabwera lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala m'maesiteti. Lamuloli linachotsa kusiyana kwa eni nthaka akale ndi obwera. Onse anasanduka alendi. Lendi inkalipidwa ndi ndalama, ntchito, kapena mbewu zogulitsa kwa mwini esiteti. Mwini malo analoledwa kuthamangitsa mpaka banja limodzi pa mabanja 10 aliwonse pakatha zaka 5 zilizonse, popanda kupereka chifukwa. Mwana wamwamuna akakwana zaka 16 analibe ufulu wokhazikika pamalo pamene anabadwira. Ndipo mwamuna wokwatira mwana wamkazi wa pamudzipo akanatha kukanizidwa kukhala. Taganizani zimenezi pakati pa anthu a chikamwini ngati ife. Chilolezo chosatha chimene Johnston analonjeza chinasanduka cha lendi, ndipo amene anachisintha sanafunse amene ankakhalamo.

Mu 1946 Sir Sidney Abrahams anafufuza za malo n'kulangiza kuti boma ligule malo a maesiteti osagwiritsidwa ntchito kuti anthu akhazikikepo. Ntchitoyo inayenda pang'onopang'ono. Mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, kuno ku Thyolo kunabuka zipolowe zimene zinafalikira m'maboma oyandikana nafe, ndipo anthu 11 anafa. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Koma njala ya malo sinathe. N'chifukwa chake pakati pa 2004 ndi 2011, pansi pa ntchito ya Kudzigulira Malo, mabanja zikwizikwi a ku Thyolo ndi Mulanje anasamukira ku Machinga ndi Mangochi. Ena mwa inu abale anu ali kumeneko.

Ndisanapitirire ndinene chilungamo, poti mphunzitsi wa mbiri sayenera kukokomeza. Zinthu ziwirizi sizilemera mofanana. Pulogalamu anaipanga ndi anthu amene anakhetsa thukuta, ndipo ayenera kulipidwa. Nthaka ya Thyolo sanaipange Sharrer. Wotaya pulogalamu wataya chida, wotaya munda wataya chakudya, manda a makolo ndi tsogolo la ana. Palibe anakwapulidwapo chifukwa cha AutoCAD. Chimene ndikufanizira ndi kachitidwe kokha: wamphamvu amalemba pangano, amakulonjeza kuti chakale chako chikhalabe, amaika kamfundo kakang'ono koti chikhala pokhapokha zinthu zisasinthe, ndipo amasunga mphamvu yosintha panganolo mawa. Munthu amene waphunzira kuona zimenezi m'chiphaso cha 1892 adzaziona mu laisensi ya pulogalamu, m'pangano la ngongole, ngakhale m'kalata ya ntchito.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Poyamba ndi ndalama. Lendi ya mapulogalamu amenewa imawerengedwa m'ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi magawo 44 mu Novembala 2023, mtengo wa lendi unakwera kwa Mmalawi aliyense popanda kampani kuwonjezera ngakhale senti. Sukulu ya boma, kapena mnyamata amene watsegula kashopu kosindikiza makadi a ukwati ku Luchenza, sangapirire zimenezi. Ambiri amathawira ku mapulogalamu akuba, amene amabwera ndi mavairasi awo, ndipo ife aphunzitsi timayang'ana kumbali ngati sitikuona.

Chachiwiri ndi zolemba zathu. Pasukulu pathu pali kompyuta yakale pakona ya ofesi, imene muli magazini a sukulu a zaka zingapo: ndakatulo zanu, zithunzi za timu ya mpira, maina a amene anakhoza bwino MSCE. Zonsezo zimatseguka ndi pulogalamu imodzi yokha yakale imene ili m'kompyutamo. Nkhani ya mwana wanga uja itandidzidzimutsa, ine ndi mnzanga wophunzitsa za makompyuta tinakhala madzulo atatu tikusandutsa magazini onse kukhala PDF, n'kusindikizanso kope limodzi limodzi papepala kuti likhale mu laibulale. Mapu a esiteti nawonso ndi mbiri. Tsiku lina mdzukulu wa wina adzafuna kudziwa pamene panali mudzi kapena manda, ndipo zidzakhala zachisoni ngati yankho lili m'fayilo imene palibe angaitsegule. Tisabwereze kulakwa kwa 1892 kosalemba pamene midzi inali.

Tsono malangizo anga ndi ochepa. Musanalandire kapena kupereka pulogalamu yakale, funsani ngati yatsopano inagulidwa pamtengo wathunthu kapena wotsitsidwa chifukwa cha yakaleyo. Ngati unali wotsitsidwa, kawirikawiri yakaleyo ilibenso laisensi yakeyake. Werengani laisensi ya pulogalamu yeniyeniyo, chifukwa makampani amasiyana ndipo kampani imodzi imasintha malamulo pakapita zaka. Sungani risiti, nambala ndi kabuku kake pamalo amodzi. Musafufute pulogalamu yakale musanasamutse ntchito zanu kupita m'mafayilo amene mapulogalamu ambiri amatsegula, monga PDF pa zolemba ndi DXF pa mapulani. Ndipo ngati kampani ikufunadi kuthandiza sukulu, ilembere eni pulogalamu kupempha chilolezo. Safunsa anadya phula.

Katoni ija mwana wanga anabwerera nayo. Koma sanabwerere wokhumudwa. Loweruka lotsatira anabweranso ndi fulashi, ndipo tinaika pamakompyuta athu mapulogalamu amene laisensi yake imalola aliyense kuika, kusunga ndi kugawira ena: Scribus yokonzera magazini, Inkscape ndi GIMP zojambulira, ndi QGIS ya mapu. Nawonso ali ndi laisensi, ndipo ndinaiwerenga. Kusiyana kwake n'kwakuti inalembedwa kuti iteteze wogwiritsa ntchito. Iye walonjeza kuti azibwera kamodzi pamwezi kudzaphunzitsa a Fomu 3, ndipo ntchito yawo yoyamba idzakhala kujambula mapu a midzi yawo, akafunse agogo maina akale a mitsinje, mabwinja ndi minda. Mutu wa thangata ndidzauphunzitsa teremu yomweyo, mapuwo ali pakhoma.

Inu ana anga akale amene muli m'maofesi, mukatsegula makabati kumeneko musatayiretu timabuku ta zilembo zing'onozing'ono. Yambani mwawerenga.